Mapilitsi Amene Bambo Anawakana

Bambo anga anamwa mankhwala a TB miyezi iwiri osadumphitsa tsiku, koma chifuwa osatha. Makhololo awo atayezedwanso, anamwino a pakiliniki yathu ku Nketa anati mankhwala asinthidwe, n'kuwafunsa ngati ankamwadi tsiku lililonse. Funsolo linawalasa mtima. Atafika kunyumba anaika mapilitsi atsopanowo pamwamba pa kabati, nati sawakhudza.

Ine nthawi imeneyo ndinali ku yunivesite, kuphunzira za tizilombo toyambitsa matenda. Zonsezo ndinkazidziwa m'Chingerezi. Ndinabadwira ku Bulawayo konkuno, ndipo Chichewa changa chinali chopereka moni ndi chotumidwira kumsika basi. Koma bambo akakwiya sankamva chinenero china.

Tsiku lachitatu ndinawapeza pakhonde akuwothera dzuwa.

"Ababa, kachilombo ka TB kali ndi khungu lokhuthala ngati phula," ndinayamba. "Kamadzimangira kokha. Ena mwa mapilitsi akale aja amagwira kanthu kamene kamamanga khungulo, ndiye kachilombo kamafa."

"Nanga kanga kakulekeranji kufa?"

Apo Chichewa chinandithera. Ndinayesa m'Sindebele, iwo anapukusa mutu. Ndinayesanso. "Kachilombo kalikonse kamatengera malangizo kwa kholo lake. Mwa kanu, malangizowo asintha pang'ono, ndiye mankhwala sakupeza pogwira. Mwina kanakupezani katasintha kale."

"Ndiye kuti wolakwa si ine?"

"Sindikuona kulakwa kwanu, Ababa."

"Ine zaka zonse zija kunjanji sindinajombepo ntchito."

Kenako anandikonza mawu awiri amene ndinatchula mokhota, n'kundituma madzi omwera mapilitsi aja.

Mankhwala atsopanowo sanali masewera. Ankawachititsa nseru, ndipo masiku ena mayi ankachita kuwapempha kuti alaweko phala. Mvula itayamba, thupi linabwerera ndipo thalauza lawo linasiya kugwa. Lachisanu lina anayenda okha mpaka kumzikiti.

Nthawi ina nditawaperekeza kukiliniki, pamzere panali bambo wina wochokera ku Mangochi. Ankadandaula kuti anzake atsogola ku Joni, ndipo iye akufuna kusiya mankhwala a TB kuti awatsatire. Bambo anga anamusendezera pabenchi.

"Khalani apa, achimwene. Kachilombo aka kali ndi jekete. Mukasiya panjira, kamasoka ina yolimba."

Sizinali ndendende momwe timaphunzirira, koma sindinawadule mawu. Munthuyo anaseka, n'kufunsa kuti iwo atsala ndi miyezi ingati. Bambo anaimika zala ziwiri. Anamwino ataitana, awiriwo analowa motsogozana.