Vaneti Yanga Anaiyeza ndi Bondo

Galimoto yanga anaiyeza ndi bondo. Tepi yoyezera sanaigwiritse ntchito. Bondo la munthu, mu ofesi ya boma, masanasana.

Ndine mphunzitsi wopuma ntchito, ndimalima soya kuseri kwa Madzimoyo. Amene munafikako mukuudziwa msewu wolowera kwathu. Mathirakitala anakumba mizere iwiri n'kusiya mtumbira pakati. Galimoto wamba ikalowa m'menemo imakhala pamimba, matayala n'kumazungulira m'malere. N'chifukwa chake ndinawonjezera masipuling'i pa vaneti yanga kuti ikwere pang'ono. Sikuti ndinkafuna kutchena nayo m'tauni ayi, zaka zimenezo ndinazidutsa kalekale.

Fitinesi, pepala loilola kuyenda pamsewu, itatha, ndinapita nayo ku Chipata kukaiyezetsa. Ndinali pachangu, chifukwa mwana wanga Tisa anali atabwera kudzadikirira kwa amake, mimba yoyamba, mwezi wake uli pafupi. Vanetiyo ndiyo inali yodzamuthamangitsira kuchipatala.

Ndinafika m'mamawa. Woyeza anatulukira dzuwa lili pamutu, akutokosa m'mano. Bambo wamfupi ndithu. Mabuleki sanawayese, magetsi sanawayatse. Anangoima kutsogolo kwa galimoto, bampa n'kumufika m'ntchafu.

“Madala, motoka yanu yakwera maningi. Bampa sifunika kupitirira bondo.”

Ndinafunsa kuti bondo la yani. Anati ndisachite nthabwala ndi ntchito ya boma. Ndinapempha andionetse pamene lamulolo linalembedwa, ndidziwe malire ake ndi masentimita angati, kapena ngati pali njira yolembetsera galimoto yosinthidwa. Anati buku lili ndi abwana. Nanga tepi? Ili m'kabati. Nanga kiyi wa kabati? Ali ndi abwana omwewo, ndipo abwanawo ali kumsonkhano.

Lamulo sindikulitsutsa. Ndikudziwa kuti galimoto yokwera kwambiri imagubuduka msanga pakona, ndipo magetsi ake amathobwa anzathu m'maso. Komanso ine ndinakulira pamishoni. Kwathu akati lamulo, sitifunsa kawiri.

Ndiye ndinapita pagalaja yomwe ili kuseri kwa mpanda wa ofesi yomweyo. Makanika anandifunsa kuti, “Titsitse ya lero chabe, kapena ya zoona?” Sindinamve chimene ankatanthauza. Ndinati ya zoona, nanga pali ina? Anandiyang'ana ngati ndamupempha andizule dzino labwinobwino. Anachotsa masipuling'i aja, ine n'kumusiyira omwewo ngati malipiro. Pambuyo pake m'pamene anzanga anandiuza, akuseka mpaka misozi, kuti pamenepo anthu amatsitsa m'mawa, kukayezetsa, madzulo n'kukwezanso. Aliyense akudziwa. Woyeza akudziwa. Wosadziwa ndinali ine ndekha, mphunzitsi.

Nditabwerera m'mawa mwake, wamfupi uja kunalibe. Panali wina wamtali ngati mlongoti. Patsogolo panga panali galimoto ya wamalonda wina wa ku Mwami, yokwera kuposa mmene yanga inalili poyamba. Wamtaliyo anaima kutsogolo kwake, bampa n'kugunda pabondo penipeni. Yapasa. Atafika pa yanga, bampa inamufika pamsongolo. Anamata sitika pagalasi, kenako n'kundiyang'ana mwachisoni.

“Manje madala, mwaitsitsa chonchi, kumudzi muziyenda bwanji?”

Ndinangoti zikomo.

Lamlungu lotsatira, titangoweruka kutchalitchi, matenda a Tisa anayamba. Mvula inali itagwa dzulo lake. Tinamukweza kutsogolo, amake ndi amayi ena awiri kumbuyo. Sitinapite patali. Pafupi ndi dambo vaneti inakwera pamtumbira paja n'kukhala pansi ngati nkhuku yofungatira. Ndinakumba ndi khasu, suti ya kutchalitchi ili m'thupi. Anthu anakankha. Sinasunthe. Mwana wanga akubuula m'galimoto, akuti “Atate, chitaniponi kanthu.” Sindinachitepo mantha otero chibadwire, ndipo manyazi ake sanandichokebe.

Amene anatipulumutsa ndi a Tembo, aneba athu, ndi ngolo yawo ya ng'ombe. Ngoloyo ndi yokwera kuposa ntchafu ya woyeza wamfupi uja, ndipo fitinesi ilibe. Inadutsa pamtumbira osakhudza. Koma ng'ombe ndi ng'ombe, sizithamanga. Tisanafike pa tala amayi aja anaimitsa ngolo, kutchinga ndi zitenje, ife amuna kutiuza titalikire. Mdzukulu wanga anabadwira pamenepo. Ali moyo, amakenso ali moyo. Achipatala atawaona anati tithokoze Mulungu kuti Tisa sanataye magazi ambiri.

Tsono inu a ku ofesi imeneyo, ndiyankheni. Malire alipo kapena palibe? Ngati alipo, bwanji osawalemba pakhoma kuti tonse tiziwerenga? Tepi ndi yodula bwanji? Ndikugulireni? Kapena muzilengeza pa wailesi kuti lero pa ntchito pali wamtali, amene tili ndi misewu yoipa tizithamangirako?

Anzanga a m'midzi, musanachotse sipuling'i ndi imodzi yomwe, auzeni akuonetseni lamulo lolembedwa, ndipo musachoke asanakuonetseni. Vaneti yanga idakali pamtumbira paja, ikudikira thirakitala. Sitika yake ndi yatsopano, yowala bwino. Woyeza wamfupi uja akafuna kuiona abwere, bampa tsopano ikumufika m'kakolo.