Lamba Amene Anasanduka Mwambo

Gulu lathu la kuno kunja, mumzinda wa Fremantle, limavina gule wogwedeza mimba ndi chiuno popanda kupangana. Amene ali kutsogolo akachita chinthu, ena onse amatsanzira. Ine ndinkakonda kubisala kumbuyo.

Amayi anamwalira ku Zomba malire ali otseka chifukwa cha korona. Maliro ndinaonera pa foni. Sabata yomweyo ndinapita kukavina, poti kunyumba ndinkangoyang'ana khoma. Posinthana malo, ndinangopezeka ndili kutsogolo. Lamba wanga wa mikanda anamasuka. Ndinamupana ndi chigongono, n'kuwerama, n'kukweza chiuno kuti asagwe. Azimayi onse anachita chimodzimodzi.

Titamaliza, mphunzitsi wathu, mzungu, anafunsa kuti ndi gule wanji ameneyu.

"Timavina pa maliro kwathu," ndinatero. Anandikumbatira akulira. Ine mumtima sindinamve kalikonse.

Mnzanga wa ku Zambia anandinong'oneza: "Iwe, ni malilo ya kuti yamene muvina so?"

Lero aliyense wolowa kumene m'gululi amaphunzitsidwa gule ameneyu, n'kuuzidwanso za amayi anga. Amawerama mwaulemu, chigongono m'chiuno. Nanenso ndimawerama.

Amayi anali a Adventist. Moyo wawo wonse sanavinepo.