Tsiku Limene Chitsulo Chinamukana Bhekani

Bhekani Zwane si munthu woti mungavutike kumufunafuna pagulu. Amaoneka yekha. Pamalo opumira madalaivala ku Harrismith, amayi ogulitsa zakudya akangoona thiraki yake yoyera ikukhota, amayamba kukonza osafunsa: kota ziwiri, zija za buledi wobooledwa n'kudzazamo tchipisi ndi soseji, nyama yootcha pambali, ndi botolo lalikulu la chakumwa chozizira. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi wakhala pa chiwongolero, kuchoka ku Durban kupita ku Joni, kuchoka ku Joni kubwerera ku Durban, ndipo thupi lakhala likubwera pang'onopang'ono ngati mlendo wosanena tsiku lochoka. Amene anamuona akusewera mpira ku Katlehong ali mnyamata amalumbira kuti kanali kamunthu kowonda, kothamanga kumapiko. Mukamuona lero mungati akunama.

Nkhani ya thupi lakelo amaiyamba yekha anzake asanaitole. Amadzimenya pamimba n'kunena kuti, "Iyi ndi nyumba yosanja, ndamanga ndekha popanda ngongole." Anthu amaseka, iye n'kuseka kuposa onse. Koma wina angoyerekeza kuiyamba, aona zakuda. Bhekani ndi wamtima wapachala, ndipo banja lake ndi Dikeledi linathera pakamwa pakepo.

Chimene chinatsala pa banjalo ndi Nolwazi, mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, amene amakhala ku Tembisa ndi mayi ake pamodzi ndi bambo womupeza, Thapelo. Thapeloyo ndi kalaliki, wowonda, wolankhula motsitsa, munthu woti ungafune kumuda chaka chonse osapeza chifukwa. Bhekani anayesetsa ndithu.

Chaka chimenecho, Nolwazi akaimba foni nkhani inali imodzi basi: Umbani. Ndi kasitima ka m'paki ya masewera kamene kamakwera kupitirira mitengo, n'kugwa chamutu, n'kuzunguza anthu miyendo ili m'mwamba. Anzake a m'kalasi anali atakwera kale. Iye chaka chapitacho anamubweza pa ndodo yoyezera msinkhu ataperewera zala ziwiri zokha. Mwana wosakwana zaka khumi ndi ziwiri sakwera popanda wamkulu pambali pake, ndipo wamkulu wakeyo Nolwazi anali atasankha kale.

"Ndidzakwera ndi inu, Baba. Osati amayi, osati a Malume Thapelo. Inuyo."

Bhekani akakumbukira mawu amenewo ali pamsewu, ankaimba yekha m'thiraki mpaka kutsika phiri la Van Reenen.

Anapita pa 16 Disembala, tsiku la tchuthi, makampani atatseka, Joni yense ali ndi kenakake m'thumba. Kunena kuti kunali anthu n'kuchepetsa nkhani. Poponda pake panali popempha. Mabanja ovala malaya ofanana, azimayi a mpingo ndi maambulera awo, ana opakidwa nkhope ngati akambuku akulirira ayisikilimu amene wasungunukira m'manja mwawo. Dzuwa nalo linali likuswa mtengo. Dikeledi ndi Thapelo anabwera nawo poti galimoto inali yawo, ndipo anapeza benchi pamthunzi n'kukhala kusunga zikwama.

Polowera mzere wa Umbani chikwangwani chinkati mphindi 110. Nolwazi anaima pa ndodo ija, nawongoka ngati msilikali, mutu n'kudutsa mzere wofiira. Anakuwa ndi chimwemwe. Pambali pa ndodoyo panali mpando umodzi wa kasitimako, wokhomedwa pa simenti, ndi chitsulo chake chotsekera pachifuwa, woti munthu wokayikira thupi lake ayesere asanalowe mumzere. Mtsikana wa yunifolomu amene ankayeza ana anamuyang'ana Bhekani, nasendera pafupi, natsitsa mawu ndi ulemu wake wonse.

"Baba, pepani, mwina mutayamba mwakhala kaye apa? N'kanthawi kochepa."

Akanangokhala. Nkhani ikanathera pomwepo, anthu asanu okha akuona. Koma kumbuyo wina anatsokomola chiseko, ndipo Bhekani magazi anathamangira kumutu.

"Ukuti chiyani iwe? Ndine thumba la chimanga ine, loti undiike pa sikelo? Yeza anawa, akuluakulufe utisiye!"

Mtsikanayo anangoti, "Pepani, Baba," n'kumasula chingwe. Nolwazi ankayang'ana nsapato zake.

Mphindi 110 zija zinali za pachikwangwani. Mzerewo unkapinda uku n'kubwerera uko pakati pa zitsulo zotentha, moti nkhope zomwezomwezo unkakumana nazo kasanu ndi kawiri mpaka kuyamba kupatsana moni. Pamwamba pa mitu yawo kasitimako kankadutsa ndi mkokomo, anthu akukuwa ngati akuphedwa. Otsika ankadutsa kuseri kwa mpanda akupereka malipoti osafunsidwa.

"Mtima wanga ndausiya kumwambako, wina akanditengere!"

"Pogwa poyamba paja ndinaitana agogo anga, chikhalirecho anamwalira kalekale!"

Mayi wina anatuluka wigi ili m'manja, akuseka mpaka misozi. Nolwazi akamva zimenezo ankadumphadumpha. Zonse anali ataloweza, ndipo ankawaphunzitsa bambo ake: pokwera muwerenge mpaka makumi atatu, pogwa musatsinzine, manja m'mwamba pamene pali kamera.

Bhekani malaya anali atanyowa mpaka m'chiuno. Ankayang'anitsitsa amuna otsikawo, kufunafuna mmodzi yekha wa thupi ngati lake. Sanamuone. Pofika pa masitepe, patatha maola awiri ndi theka, nthabwala zinali zitamuthera. Ankangokokera mimba m'kati mwakachetechete, kuyesa kuti ingalowe mpaka pati.

Anawapatsa mipando ya kutsogolo kwenikweni. Nolwazi anakhala, chitsulo chake chinatsika n'kulira kuti khe. Bhekani anadzipanikiza mumpando nakoka chake. Sichinalire. Anatulutsa mpweya wonse nakokanso. Woyang'anira kasitimako anabwera n'kukankha ndi manja awiri, kenako anaitana mnzake, nakankha onse awiri. Nyale ya pamwamba inakhalabe yofiira. Anthu oposa makumi awiri anali atamangidwa kale m'mipando kudikira iye yekha, ndipo a pa masitepe anali atatulutsa mafoni.

"Madala, tsikani, tapsa ndi dzuwa ife!"

"Apakeni mafuta alowe!"

Woyang'anirayo anawerama n'kulankhula chapansipansi. "Bwana, sizitheka. Chikapanda kutseka sitinyamuka. Ngati mwabwera ndi wamkulu wina, muimbireni. Alowere kotulukira, sadikira mzere, mwanayu akwere naye ulendo wotsatira."

Wamkulu wina analipo, pa benchi paja, ndipo foni inali m'thumba. Bhekani manyazi anamugwira. Anatsegula pakamwa, koma dzina la Thapelo linakana kutuluka.

Apo m'pamene Nolwazi anayamba kukuwa.

"Nditsitseni! Ndikuopa! Sindikufunanso, Baba, ndikuopa ine!"

Ankamenya chitsulo ndi tizibakera, mawu okweza kuti amve ndi a pa masitepe omwe. Koma m'maso munalibe msozi, munalibenso mantha. Bhekani yekha, poti anali pafupi, ndiye anaziona zimenezo.

Maso a anthu anachoka pa iye n'kupita pa mwana. Ena anaseka, ena anamva chisoni, mayi wina n'kukuwa kuti, "Usalire mwanawe, udzabwere chaka chamawa!" Nolwazi anatsika, nagwira dzanja la bambo ake, nawakoka ngati kuti wofulumira kuthawa ndi iyeyo. Ali pa masitepe otulukira, kasitimako kananyamuka, kutsogolo kuja kutakhala anthu ena. Mwanayo anaima n'kukayang'ana kakukwera. Milomo yake inkawerenga.

Dikeledi atawaona akubwera anaimirira. "Zinali bwanji? Chithunzi chili kuti?"

"Sindinakwere," anatero Nolwazi. "Ndinaopa."

"Unatani? Iwe Nolwazi! Chaka chonse kutisokosa m'nyumba, bambo ako aima padzuwa maola atatu, iwe n'kukachita chibwana pamaso pa anthu? Ulibe manyazi? Pepesa kwa bambo ako msanga!"

Thapelo anayang'ana malaya a Bhekani, pamene chitsulo chija chinasiya mizere iwiri yakuda pamimba, kenako anayang'ana kumbali.

"Pepani, Baba," anatero mwanayo.

Apa ndiye pamene munthu amanena zoona. Mawu ake sanali ambiri, ndipo Bhekani anali nawo pamilomo. Anayang'ana Dikeledi, amene kale ankamuuza tsiku ndi tsiku kuti kudzikuza kudzamupweteketsa. Anayang'ana Thapelo ndi kachiuno kake. Chimene chinatuluka n'chakuti:

"Musiyeni mwana, mayi a Nolwazi. Mantha si mlandu. Adzakwera akadzakula."

Dikeledi anamuyang'ana modabwa, nkhope n'kufewa. "Koma ndiye mwasintha, bambo a Nolwazi. Kale mukanalalata paki yonse kumva. Wamva iwe? Uziyamika kuti uli ndi bambo oleza mtima."

Bhekani watukwanidwapo ndi mabwana, ndi apolisi a pamsewu, ndi madalaivala a minibasi amene pakamwa pawo sipalowa sopo. Palibe chitukwano chimene chinamuwotcha ngati chiyamikiro chimenecho. Anaima pamenepo, bambo wa makilogalamu zana ndi makumi anayi, atabisala kumbuyo kwa kamwana ka sitandade folo.

Nolwazi anasiya dzanja lake pang'onopang'ono n'kukakhala pa benchi, napempha madzi. Thapelo anamupatsa botolo, nadikira kuti amwe, kenako anayang'ana cha ku chikwangwani chija.

"Mzere watsika, Lwazi," anatero motsitsa. "Nthawi ilipo asanatseke. Ngati bambo ako angalole, tikhoza kukayesanso ine ndi iwe."

Mwanayo anayang'ana kumene kasitimako kankagwa chamutu, anthu manja ali m'mwamba. Kenako anayang'ana mayi ake, nayang'ana bambo ake, amene maso anali pansi.

"Ayi, Malume," anatero. "Ndanena kale kuti ndikuopa."