Ndinasiya Kujambula Njovu

Njovu yamoyo ndinaionapo kamodzi kokha, ndili mwana wasukulu, titapita kukacheza kumalo osungirako nyama. Koma m'chaka choyamba cha mliri, ndili kunja, mumzinda wa Perth, ndinajambula njovu zochuluka moti ndinkatha kumaliza chitamba uku ndikuyankhula pafoni.

Ntchito yanga inali yosamalira okalamba panyumba ina yowasungira. Ndinkakhala ku Armadale, m'kanyumba ka zipinda ziwiri, ndipo chachiwiricho ndinkajambuliramo. Luso limeneli ndinayamba nalo ku Lilongwe, komwe ndinkalemba zikwangwani za masaluni ndi mabutchala. Kuno ndinkajambula zondisangalatsa ndekha: anthu akusinza m'sitima ya m'mamawa, manja a agogo ena akuntchito atagwira kapu. Palibe ankaziona.

Ku Mirrabooka kunali shopu ya mayi ena a ku Zambia, kwawo ku Chipata, komwe tinkagula ufa, kapenta ndi zitenje. Pakhoma la kumbuyo ankapachikapo zithunzi zomwe ankaitanitsa kwawoko. Malire atatsekedwa katundu anayamba kuvuta kubwera, khoma lija n'kutsala misomali yokhayokha. Tsiku lina ndikulipira ufa, anayang'ana zikhadabo zanga.

"Achimwene, iyo penti ni ya nyumba kapena ya zithunzi?"

"Ya zithunzi, mayi."

"Njovu muziwa kujambula?"

Ndinati ndikhoza kuyesa. Anandifotokozera zomwe zimayenda malonda: njovu, dzuwa likulowa, amayi atasenza mitsuko, mtengo umodzi wautali pakati pa tchire. Anthu a kuno sankatha kupita kunja, ndiye ndalama za ulendo ankakongoletsera nyumba. Ndinapita nazo zitatu, zinatha sabata isanathe. Anaitanitsa zina, kenako zinanso.

Ndisaname, poyamba zinandikomera. Kwa nthawi yoyamba burashi inkandithandiza kutumiza kangachepe kumudzi. Bambo anga anali telala ku Kawale, ndipo nthawi imeneyo maso anali atayamba kuwavuta. Moyo wawo wonse anasoka zomwe kasitomala wafuna, ndipo sindinawamvepo akunena kuti zimenezo n'zochititsa manyazi. Ine malonda sindiwanyoza.

Chinayamba kundiwawa ndi kapepala. Tsiku lina ndinatembenuza chithunzi changa chili pakhoma, n'kupeza amata kapepala kolembedwa m'Chingelezi kuti chajambulidwa ndi mmisiri wa kumudzi wina ku Africa. Dzina langa, lomwe ndinkalemba pakona, linali litabisika ndi fulemu. Ndinawafunsa.

"Nanga Armadale si mudzi?" anatero akuseka. "Mukalemba kuti wajambula ni munthu wokwera sitima ya kuno, agula ndani?"

Ndinaseka nawo, koma m'basi pobwerera kuseka kunali kutatha.

Chaka chachiwiri cha mliri bambo anadwala masiku asanu okha n'kumwalira. Kupita sindikanatha, chifukwa ukatuluka sunkadziwa ngati adzakulola kubwerera, ndipo ntchito ndi mapepala anga zonse zinali kuno. Maliro ndinawaonera pafoni. Mlongo wanga ndi amene anagwira foni kumandako. Kwathu kunali m'mawa, kuno dzuwa linali litapendeka, ine nditangoweruka, yunifolomu ili m'thupi. Ndinatsamiritsa foni pachitini cha shuga, n'kukhala pampando. Anthu anali ochepa, atavala masiki, atatalikirana. Netiweki inkadukaduka. Bokosi likutsika chithunzi chinaima, ndipo pomwe chimayambiranso kuyenda n'kuti akukwirira.

Patapita masabata angapo ndinakhala pansi kuti ndijambule njovu zomwe mayi aja ankadikira. Ndinatenga chinsalu chachikulu, koma chomwe chinatulukapo ndi tebulo langa: chitini cha shuga, kapu ya tiyi wozizira, masiki yanga ili poteropo, ndi foni. M'kati mwa foniyo, malo osaposa chikhatho, ndinajambulamo dothi lofiira, miyendo ya adzukulu ndi bokosi lili lendee pazingwe. Chinanditengera mwezi wathunthu.

Ndinapita nacho ku Mirrabooka. Mayi aja anachiyang'anitsitsa.

"Ni chabwino, achimwene. Pepani na maliro. Koma maliro sagulika."

Ndinawapempha kuti angochipachika sabata imodzi, chokhala ndi dzina langa poonekera. Anavomera monyinyirika.

Tsiku lachinayi anandiimbira foni, mawu ali m'mwamba, kuti ndibwere Loweruka, wogula wapezeka. Anali bambo wina wachizungu yemwe ankatsegula kamalo kogulitsira khofi ku Crawley, pafupi ndi yunivesite, ndipo anali atagulapo kale njovu zanga ziwiri. Anali munthu waulemu. Anayamikira kuwala kwa patebulo ndi momwe chitini chinkanyezimira. Kenako, tikuyankhula m'Chingelezi, anafika pamfundo yake.

"Chomwe chili m'fonimo n'cholemera kwa anthu omwe akumwa khofi. Mungafufute, n'kuikamo njovu dzuwa likulowa? Chikhala ngati munthu akusowa kwawo. Mtengo ndiwonjezera."

"Amenewo ndi maliro a bambo anga."

Nkhope yake inafiira. Anapepesa kawiri, koma anawonjezera kuti ngati ndingadzasinthe maganizo, khoma lake likudikira.

Mayi aja anandikokera kuseri kwa matumba a ufa.

"Mverani, achimwene. Atate anu sali mu penti iyo. Ali kumanda, agona. Ichi ni chinsalu chabe. Fufutani, mukajambule china kunyumba chokhala chanu."

"China sichingatuluke, mayi."

"Manje mufuna chiyani? Muganiza ine nikonda njovu? Nili na lendi ya shopu, nili na ana. Luso silidyedwa."

Sankanama. Shopu imeneyo anaiyamba okha, ndipo ambiri a ife pofika kuno tinadyapo ufa wawo tisanalandire malipiro oyamba. Koma ndinali nditavomera kale kubisa dzina langa, ndinavomera kukhala munthu wa kumudzi wosadziwika, ndipo tsopano ankafuna kuti ndikwirire bambo anga kachiwiri, ndi njovu pamwamba. Ndinakwera pampando, n'kuchotsa chithunzicho pamsomali.

"Ichi sindifufuta. Ndipo njovu ndasiya."

"Muzabwerera," anatero.

"Kudzagula ufa, inde."

Ndinatuluka nacho chosakuta, chifukwa pepala lomwe ndinabwera nalo tsiku loyamba anali atakulungira katundu wina. M'basi ndinachiimika pamaondo. Nditafika m'tauni ndinakwera sitima ya ku Armadale, n'kuchitsamiritsa pampando woyang'anizana nane. Ndinkadziwa kuti mwezi wotsatira ndidzafunika kupempha mashifiti owonjezera.

Chapafupi panakhala mayi wina wovala yunifolomu ya unamwino, masiki ili kumaso. Anachiyang'ana masiteshoni atatu. Kenako anaona kachikwama kanga kachitenje, n'kufunsa m'Chichewa.

"Pepani bambo, mwajambula ndinu?"

"Eya."

"Anali ndani?"

"Bambo anga."

"Ine mayi anga, mwezi wathawu, ku Dedza." Anayang'ananso chithunzicho. "Ine ndinali kuntchito. Ndinapempha mphindi zochepa, n'kukakhala m'chipinda chosinthira zovala. Foni ndinaitsamiritsa pansapato."

Anandifunsa ngati ndikuchigulitsa. Ndinati ichi ayi. Anafunsa ngati ndingamujambulire chake. Ndinamuuza kuti ndimalipiritsa, kuti chitenga nthawi, ndiponso kuti ndidzajambula zomwe andiuze kuti zinalipo, osakongoletsa. Ndinatchula mtengo wopitirira wa njovu. Sananenerere.

Sabata yotsatira anabwera kunyumba ndi mwamuna wake, atanyamula nsapato ijayo m'jumbo. Inali yoyera, yotha kuchidendene, chingwe china chachifupi. Anakhala pampando n'kundifotokozera zonse: benchi yachitsulo, makabati otuwa, nyimbo yomwe amayi a mvano ankaimba, nsalu yofiirira yomwe inafunditsidwa pabokosi. Mwamuna wake anapempha kuti nsapatoyo ndiijambule yatsopano, poti chithunzicho chikakhala pabalaza pomwe alendo amafikira. Ndisanayankhe, mkaziyo anapukusa mutu.

"Ikhale momwe ililimu."

Ndinachimaliza patatha miyezi iwiri, ndikujambula masiku omwe sindinali pashifiti. Pambuyo pake anabwera anthu ena awiri a kutchalitchi kwawo, mmodzi wa ku Zambia. Atatu okha basi, ndipo sindinalemere nazo. Mayi a shopu aja anapeza wina wowajambulira njovu, ndipo ndimamva kuti zikuyendabe malonda. Timapatsana moni bwinobwino. Ulendo wina ndikulipira kapenta anandiuza, maso ali pasikelo, kuti bambo wa khofi uja anafunsanso za chithunzi chija, akuti tsopano angachitenge momwe chilili. Ndinawauza kuti akamuthokoze, koma akamuuze kuti chili pakhoma kwa mwini wake.