Chidole cha apongozi

Achemwali anga ndi telala, koma anthu amene amawasokera sapuma mpweya. Amagwira ntchito kunyumba yosungirako zinthu zakale, m'kachipinda kopanda zenera, kumene amaumba matupi a zidole zomwe amaziveka zovala zamakedzana. Amakuta chidole ndi thonje, pamwamba n'kuchiveka nsalu yoluka yotamuka ngati sokosi, yomwe imagwira thonjelo kuti chovala chikhale pofewa. Lamulo lawo n'limodzi: chovala chakale sachikoka, thupi ndilo limatsata chovala.

Kunyumba anali munthu wozyolika. Analowa m'banja ali ndi pakati, ndipo apongozi awo sanawaiwalitse mpaka imvi. Alendo akabwera, apongoziwo ankati, "Uyu ndi uja anabwera ndi katundu wake kale." Alamu anga, amuna a achemwaliwo, ankangoyang'ana m'mbale. Ine zinkandiwawa, koma achemwali ankandiponda phazi kuti ndisayankhe.

Apongoziwo atamwalira, alamu, poti ndiwo oyamba kubadwa, anapereka diresi laukwati la mayi awo kuti likaonetsedwe kunyumba ya zinthu zakale ija. Anauza mzinda wonse. Ntchito youmba thupi inagwera achemwali.

Mapewa anakhala bwino, m'chiuno kumbuyo chimodzimodzi. Koma kutsogolo diresi linkalendewera, kulemera kwake kukukoka misoko yofumbwa. Anapinda nsalu yotamuka ija, n'kuikamo thonje. Linalendewerabe. Anawonjezera. Atatembenuza diresilo anapeza timagamba tiwiri tosokedwa mothamanga m'mbali, ndi ulusi wosiyana. Pomwe diresi linakhazikika, chidole chinali ndi mimba yoti ngakhale mwana akhoza kuiona.

Anandiitana. Ine ndinaseka mpaka misozi.

"Anyani sasekana zikundu, achemwali! Chiikeni pakhomo penipeni!"

Iwo sanaseke. Manyazi anawagwira ngati asuzumira munthu akusamba.

"Taona kuchepa kwa mapewawa," anatero. "Anali kamtsikana. Anasoka yekha, mobisala."

Kuchotsa thonjelo kukanang'amba diresi pakapita miyezi. Kulisiya kukanavula apongozi pagulu, pamodzi ndi mwana wawo. Achemwali anaitana alamu m'kachipindako tsiku loonetsa lisanafike, n'kuchotsa nsalu yomwe anafunditsa chidolecho.

Alamu anachiyandikira chidolecho. Anafunsa ngati thonjelo silinachuluke mwangozi, achemwali n'kuwaonetsa timagamba tija. Anatambasula dzanja kuti akhudze pamimbapo, koma analibweza, poti zakale sazigwira ndi manja.

"Ndiye kuti umu ndinalimo ine?"

"Munalimo, bambo."

Anavula chipewa. Maso anakanika kufika pankhope ya mkazi wawo, anangothera pansapato.

"Zaka zonse zija amayi akukunenani, ine ndili chete."

"Ndichotse thonjeli?" anafunsa achemwali.

"Lisiyeni. Wochita manyazi pano si amayi, si inunso."