Dyna ankadziwa kuti sindiona chofiira

Anzanga, Dyna ndinakumana naye pa Boma, mu kashopu ka photocopy komwe ankagwira ntchito. Ndinali pakona ndi laptop yanga, kukonza website, kudyerera Wi-Fi yaulere. Iye anasuzumira pa screen.

"Achimwene, batani lanulo bwanji lofiira chonchi? Mukufuna kuopseza anthu?"

Manyazi anandigwira. Ine ndinkayesa lobiriwira.

Ndikuuzeni chinsinsi: maso anga sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira, zonse zimaoneka ngati dothi. Munthu wopanga mawebsite, tangoganizani! Ngakhale mayi anga sankadziwa. Koma Dyna ndinamuuza patangotha sabata ziwiri, chikondi chitandizunguza mutu.

Anandigwira tsaya. "Usadandaule Kingstone, maso ako ndine."

Ndipo analidi. Ndikakonza batani mu pulogalamu ya Bootstrap, kulisalaza m'makona, kulipatsa kamthunzi, ndinkamutumizira screenshot.

"Green ameneyu wachita mdima babe, muwalitse pang'ono."

Ndinamuonetsanso pomwe ndimasinthira mitundu. Password ankaidziwa.

Kenako gulu lina la maguide ku Likhubula linafuna website yoti alendo okwera phiri azibukirapo. Opikisana tinatsala awiri: ine ndi Ronald, mnyamata wa ku Blantyre wa perfume wambiri. Ntchito imeneyi ikanandichotsa pakona paja.

M'mawa wa tsiku lokaonetsa, Dyna anati, "Bweretsa ndione komaliza." Anakhala nayo laptop ine ndikusita shati.

"Zili bho. Ukawine."

Ndinaima pamaso pa komiti, chifuwa patsogolo.

"Lobiriwirali ndi Book Now, lofiirali ndi Cancel."



Apampando anavula magalasi. "Achimwene, mukutiyesa ana? Book Now wanuyo ndi wofiira ngati magazi, Cancel ndiye wobiriwira. Mukufuna alendo azithawa?"

Ndinayang'ana screen. Kwa ine mabatani onse awiri anali chimodzimodzi.

Ndiye ndinamva mawu kumbuyo. Dyna, yemwe anati ali kuntchito, atakhala phee pambali pa Ronald.

"Musamukalipire bwana, saona mitundu ameneyu. Tamufunseni, shati mwavalayo ndi yamtundu wanji?"

Anandifunsadi, anzanga!

"Yobiriwira."

Kani inali yofiira. Chipinda chonse chinafa ndi phwete, ena mpaka kupukuta misozi. Ntchito anapatsa Ronald pomwepo.

Panja ndinamugwira mkono Dyna. "Ndiwe wasintha mitundu ija?"

"Eya."

"Ndinakulakwira chiyani, Dyna?"

"Palibe. Ndatopa kukhala ndodo ya munthu. Ronald amaona yekha."

Anakwera galimoto ya Ronald osacheuka.

Nkhani inafika pa Boma ine ndisanafike. Pano ndikamadutsa pamsika, amayi ogulitsa amandikwezera tomato m'mwamba: "A Kingstone, wapsa uyu kapena ayi?" Ndimaseka nawo, nanga nditani. Koma zimandiwawa, anzanga, zimandiwawa kwambiri.

Maso angawa sindidana nawo, ndinabadwa nawo. Chomwe sindikhululukira ndi pakamwa pangapa. Munthu musanamuuze pomwe mumatsimphina, yambani mwadziwa ngati sadzakupondani pomwepo.