Nyanga ya mbawala m'dimba la agogo

Ndikakumbukira agogo anga aNyaGoma, chimayamba kundifika m'mphuno ndi fungo la dothi lonyowa la kudimba, losakanikirana ndi utsi wa ndowe zouma za njovu zimene ankayatsa pa phale kuti ntchentche zoluma zisatifike. Madzi a mtsinje akaphwa, kwathu ku Tembwe ankasiya matope akuda onona, ndipo m'menemo agogo ankabzalamo chimanga, maungu ndi fodya pang'ono, akulima chowerama kwinaku mvuu zikufwenthera kumunsi, ine ndikuthamangitsa nkhanga ndi zibuma.

Agogo anali munthu wamantha, ndipo mudzi wonse unkadziwa. Akaona bilimankhwe panjira ankalambalala kutali, mvula ikagunda ankafunda nsalu kumutu, ndipo munthu akawakwezera mawu ankachita chibwibwi. Agogo aamuna anali atamwalira, atate anali kumigodi, choncho pakhomo tinalipo akazi okhaokha: agogo, amayi ndi ine. Agogo kuwerenga sankadziwa. Lamulungu ankakhala kumbuyo m'katchalitchi kathu ka udzu, akuyimba motsitsa ngati akuopa kudzutsa mwana.

Kumapeto kwa mudzi kunkakhala a Zgambo, mlenje wamtali amene ankayenda ndi mfuti ya gogodela paphewa ndi zithumwa m'mikono. Anthu ankanong'onezana kuti amatha kutumiza mkango kwa munthu amene wayambana naye. Mabanja angapo anali atawasiyira kale madimba awo popanda kunena kanthu. Chaka china, chimanga chathu chitafika m'mawondo, anabwera kudimba n'kunena kuti malowo anali a malume awo. A Zgambo anatembenuka, n'kundiyang'ana ine nthawi yaitali.

"Ana a masiku ano sachedwa kudwala," anatero, n'kumapita.

M'mawa mwake tinapeza nyanga ya mbawala itazikidwa pakati pa chimanga, yopakidwa zinthu zakuda, yokulungidwa ndi mikanda yofiira. Amayi a madimba oyandikana nafe anatola makasu awo n'kubwerera kumudzi. Amayi anga anati dimba ndi dothi chabe, tilisiye. Agogo anavomera, ndipo tinakhala osapitako mpaka masamba a maungu anayamba kufota.

Ine ndinasintha. Ndinaleka kusewera phada, kumtsinje sindinkafuna kupita, ndipo ndikamva galu wa a Zgambo akuuwa ndinkalowa pansi pa nkhokwe. Tsiku lina agogo anandipeza kumeneko. Anagwada n'kusuzumira, ndipo anandiyang'ana ngati akudziona okha.

"Ine ndakalamba ndi mantha," anatero. "Manje iwenso uyambe lero? Tuluka, tenga lichero."

Tinayenda kupita kudimba dzuwa lili pamutu. Titafika pafupi ndi nyangayo agogo anagwada m'matope. Pemphero lawo linali lalifupi. Anauza Yesu kuti akuwadziwa kale kuti ndi wamantha, choncho atsogole iyeyo, iwo abwera pambuyo. Atatero anazula nyanga ija ndi manja awo, kuikulunga m'tsamba la nthochi, kuiika m'lichero, n'kusenza.

Sitinadzere njira ya kuseri. Tinadutsa pakati pa mudzi, amayi osinja akuimitsa minsi, ana akukokeredwa m'nyumba. A Zgambo tinawapeza pansi pa mtengo wa bwemba akupukuta mfuti yawo. Agogo anakhala pansi chapatali mwaulemu, anaomba m'manja, n'kukankhira lichero patsogolo.

"A Zgambo, mwaiwala katundu wanu m'dimba mwanga. Ndati ndikubweretsereni, angawonongeke ndi dzuwa."

A Zgambo anafunyulula tsambalo ndi chala cha kuphazi. Anafunsa mwaukali ngati agogo ankadziwa chimene anagwira.

"Sindikuchidziwa, adada," anayankha agogo, chibwibwi chili pompo. "Koma amene wandigwira ine ndikumudziwa."

Anatsanzika bwinobwino, ndipo tinabwerera kudimba kukathirira maungu.

Sipanapite nthawi, ndinadwala. Thupi linatentha, mano ankagundana, ndipo chilichonse chimene ndadya chinkabwerera. Anthu obwera kudzazonda ankaima pakhomo osalowa. Amayi analira n'kuwachonderera agogo kuti atenge nkhuku akapepese kwa a Zgambo zinthu zisanafike poipa. Ndinkamva zonsezi ngati zochokera pansi pa madzi. Agogo sanatsutsane nawo. Anangonena kuti sangagwadire nyanga atagwadira kale Mulungu, ndipo kuti Mulungu yemweyo ndi amene anapatsa nzeru anthu a kuchipatala.

Kachipatala kanali kutali kwambiri, ndipo njira yake inkadutsa m'nkhalango ya mitsanya momwe munkayenda njovu. Anandibereka mosinthana, amayi ndi agogo. Ndikukumbukira tsaya langa lili pamsana wa agogo, fungo la thukuta ndi fodya, mtima wawo ukugunda mwamphamvu moti ndinkaumva m'khutu, ndi kanyimbo ka kutchalitchi kamene ankang'ung'udza nthawi zonse nthambi ikathyoka m'thengo. Wothandiza odwala anati ndi malungo, n'kundimwetsa kwinini wowawa amene mpaka lero ndikamuganiza ndimatsinzina. Pobwerera, mbali ina ya njira ndinayenda ndi miyendo yanga.

Nditakula ndinawafunsa agogo ngati ankadziwa kuti ndichira. Anapukusa mutu. Anati sankadziwa ngakhale pang'ono, ndipo kuti njira yonse ankangomuuza Mulungu kuti mwanayu ndi wake, kaya amusiya kaya amutenga, koma asalole kuti akule akubisala pansi pa nkhokwe.

Chaka chimenecho tinadya chimanga chachiwisi mudzi wonse usanayambe. Amayi oyandikana nafe anabwerera m'madimba mwawo, ndipo chaka chotsatira mabanja ena aja anakalimanso malo awo akale popanda kupempha. A Zgambo sanachite kanthu. Sindinganene kuti anatembenuka mtima, chifukwa m'tchalitchi sindinawaonemo. Anangosanduka munthu wamba, amene ana ankamulonjera panjira osathawa. Maso awo atayamba kuchita khungu, mfuti n'kuipachika, ankabwera ndi ndodo kudzakhala m'mphepete mwa dimba lathu, ndipo agogo ankawaotchera chimanga n'kuwapatsako fodya. Ankacheza za mvula ndi za anthu amene anamwalira kalekale. Za nyanga sindinamve wina akuitchula.

Masiku amenewo ndimawakumbukira ndi mtima wokoma: kubwerera kumudzi madzulo dzungu lili pamutu, mapazi oyera ndi matope ouma, agogo akundiuza kuti ndiyende pang'onopang'ono chifukwa mawondo awo sakufuna mpikisano.

Tsopano ndine wamkulu kuposa mmene agogo analili pa nthawiyo. Mantha sanandithere, ndipo ndinaleka kudikira kuti athe. Amuna anga atamwalira, abale awo anabwera ndi galimoto kudzatenga katundu, n'kundiuza kuti nyumba ndiituluke mwezi usanathe. Ndinalowa kuchipinda, ndinagwada pang'ono, kenako ndinatuluka n'kuwapatsa mipando ndi madzi akumwa. Ndinawauza kuti ine ndi ana anga sitichoka. Mawu anga ankanjenjemera moti mlamu wanga wamkulu anandifunsa kuti ndibwereze. Ndinabwereza. Nyumbayo ndikukhalamo mpaka lero, ndipo adzukulu anga amasewera pabwalo pake.